Chikuku chobwereka ku Orlando: ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Amayi anga anadwala sitiroko zaka zitatu zapitazo. Mwendo wakumanzere umakoka, moti amatha kuimirira ndi kuponda kangapo atagwira munthu, koma mtunda sangayende. Atabwera kudzationa kuno ku America, ana anakakamira kuti agogo awo apite nawo ku Walt Disney World, malo aakulu achisangalalo a kufupi ndi mzinda wa Orlando. Iwo anayankha mwachidule: "Inu kazipitani, ine ndikatsala kuhotela ndizikakusungirani katundu." Mawu amenewa anandilasa mumtima, chifukwa chidwalireni akhala akutsala pakhonde anzawo akupita kuukwati ndi kuzinkhoswe. Ndiye ndinabwereka chikuku kwa masiku asanu ndi limodzi ku kampani ina yaing'ono ya ku Orlando yobwereketsa njinga za olumala, ndipo ndemangayi ndi ya chikukucho ndi anthu ake.

Wina angafunse kuti bwanji osangobwereka pachipata. Zikuku zilipodi pakhomo la paki iliyonse mwa mapaki anayi akuluakulu a Walt Disney World, koma sizituluka, ukamapita umabweza pomwepo. Chonsecho mtunda wotopetsa wodwala uli kunja kwa chipata. Ku paki ya Magic Kingdom ukabwera pagalimoto umaimika kutsidya kwa nyanja ya Seven Seas Lagoon, kenako n'kukwera sitima yoyenda panjanji imodzi ya m'mwamba kapena boti lalikulu kuti ukafike polowera. Usiku ulendo ndi womwewo, anthu ali piringupiringu, wodwala atatheratu. Chathu chinali nafe kuyambira pakhomo la chipinda. Chimapindika ukakoka pakati pa mpando, ndipo chinkalowa kumbuyo kwa galimoto osavutitsa. Tinasankha boti chifukwa polowera pake ndi pafulati, sipafuna mphamvu ngati chikweza chopita kusiteshoni. Amayi, omwe kwawo ndi ku Nkhotakota, anati chikwerereni Ilala ali mtsikana anali asanayendenso pamadzi.

Pobwereka anandionetsa mitundu iwiri. China ndi chopepuka, cha matayala anayi ang'onoang'ono, ndipo ndi chimene ankandiuza kuti anthu ambiri amatenga. Ine ndinatenga cha matayala akuluakulu kumbuyo, ndipo aliyense amene akuwerenga ndikumupempha achite chimodzimodzi ngakhale chikulemererapo. Pa Main Street, msewu waukulu wa mu Magic Kingdom, pali njanji za ngolo yokokedwa ndi hatchi. Tsiku loyamba katayala kakutsogolo kanagwera mumpata wa njanjiyo, chikuku n'kuima mwadzidzidzi, amayi n'kuweramira kutsogolo. Mtima unangoti phwii. Mwayi wake ndinali nditawamanga lamba wa m'chiuno. Kuyambira pamenepo njanji ndinkaidutsa mopingasa, nditaponda kachitsulo kakumbuyo kuti timatayala tidzuke pang'ono. Akanakhala matayala ang'onoang'ono onse anayi sindikudziwa kuti tikanatani. Ubwino wina ndi woti amayi ankatha kugwira mkombero ndi dzanja lamanja n'kudzitembenuza okha kuti aone chimene akufuna, osadikira kuti ndiwalozetse. Zimaoneka zazing'ono, koma nkhope yawo inkasintha akatero.

Tsopano chimene ndachotsera nyenyezi imodzi. Chikuku choyamba chinabwera buleki yakumanzere ili yokhwepa. Ukaikoka inkangokhudza tayala osaligwira. Kwa munthu wonga amayi buleki ndiye moyo, chifukwa podzuka amatsamira pachogwirira ndi thupi lonse, ndipo chikuku chikasuntha agwa. Ndinaimba foni m'mawa, mayi amene anayankha anapepesa bwino ndithu n'kulonjeza kuti asintha madzulo omwewo. Sanabwere. Chatsopano chinafika m'mawa wotsatira, ndiye tsiku lonse loyamba mwana wanga wamkulu ankachita kutchinga tayala ndi phazi nthawi iliyonse agogo ake akamadzuka. Chinthu chotere amayenera kuchiona chisanachoke kwawo. Komanso khushoni amalipiritsa padera, ndipo pobwereka sananene. Mpando wake ndi wa chikopa chapulasitiki chakuda. Dzuwa la ku Florida la mu June likauwomba kwa mphindi khumi umatentha ngati chiwaya, mvula ya masana ikagwa madzi amadikha pakati. Amayi anathana nazo okha: anatulutsa chitenje m'chikwama, n'kuchipinda kanayi, n'kuyala. Chitenje china tinkaphimbira mpando tikausiya panja. Zogwirira zokankhira ndi zolimba, ndipo pofika tsiku lachitatu ndinali ndi matuza m'manja, mpaka ndinagula magolovesi a okwera njinga.

Koma pa ntchito imene ndinachibwerekera, chinagwira. Kukula kwake ndi kwabwino, chinkadutsa m'mizere yokhotakhota ya anthu osakola pazitsulo. Pali zokwera zina zimene munthu amalowa ali pachikuku pomwepo. Pa "it's a small world" ndi pa Jungle Cruise pali boti lapadera, umadikirako pang'ono kuti lifike, kenako umangokankha n'kulowa. Kwina, monga Peter Pan's Flight, munthu ayenera kuchoka pachikuku n'kukhala pampando wa chokwerachi. Ogwira ntchito amathandiza kusuntha chikuku ndi kukulangiza, koma kunyamula munthu ndi udindo wa abale, choncho pitani muli awiri amphamvu. Ife tinkafunsa pakhomo tisanalowe pamzere, ndipo pomwe amayi aona kuti sangathe tinkadutsa osadandaula.

Ku paki ya EPCOT njira yozungulira nyanja, yomwe ili ndi zigawo za mayiko 11, ndi pafupifupi makilomita awiri, koma ndi yosalala, chikuku chinkangoyenda chokha. Mayeso enieni anali ku Animal Kingdom. Paki imeneyi, yomwe inatsegulidwa mu 1998, njira zake anazipanga dala zokumbikakumbika kuti zizioneka ngati za kutchire, ndipo pali timapiri tobisika tomwe woyenda pansi satiwona koma wokankha amatimva m'mapewa. Chikuku chinkagwedera koma palibe chinamasuka, ngakhale zopondapo mapazi zomwe ndinkaziopa. Pa Kilimanjaro Safaris, ulendo wa pa lole wokaona nyama, pali pokwerera papadera, ndipo anachilowetsa m'lole n'kuchimanga ndi malamba pansi. Amayi anakhala kutsogolo, mdzukulu wawo wamng'ono ali pambali, akumuuza mayina a nyama m'Chichewa: mvuu, njovu, kadyamsonga, ng'ona. Titadutsa pamtengo wa mlambe anauyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Mwanawe, uwu si mlambe weniweni, aumba." Ananena zoona, ndi wopangidwa. Mwanayo, amene anabadwira kuno ndipo sanaonepo mlambe, anawafunsa kuti weniweni umaoneka bwanji, ndipo nkhani ya malambe, kuwaswa ndi mwala ndi kumung'unya ufa wake wowawasa, inatifikitsa mpaka kugalimoto. Akanatsala kuhotela kusunga katundu, zonsezi sizikanachitika, ndipo n'chifukwa chake sindingapereke nyenyezi zochepera zinayi ngakhale anandikhumudwitsa ndi buleki.

Kubweza sikunavute. Ndinachisiya kwa olandira alendo pahotela, masana anatumiza uthenga kuti achitenga, ndipo sanadule ndalama ina iliyonse. Langizo langa ndi loti mumangirire kansalu kowala pachogwirira, chifukwa zikuku zobwereka zimafanana ndipo ogwira ntchito amazisuntha mukazisiya panja. Ife tinang'amba kachidutswa ka chitenje chomwe chija. Ndikadzabwerekanso kwa anthu amenewa ndidzaitanitsiratu khushoni, ndipo wobweretsayo asananyamuke ndidzakhalapo ndekha, n'kukoka mabuleki onse awiri, n'kuyesa kudzuka.