Homuweki ndi malikisi a kutha kwa teremu: njira zitatu

Aphunzitsi anzanga, pa nkhani yophatikiza homuweki ku malikisi a mwana pali njira zitatu zimene timakonda kutsutsirana.

Yoyamba ndi kuichonga ngati mayeso n'kuipatsa gawo lalikulu, mwina 30 peresenti. Ana amalembadi, palibe amene amazengereza. Koma malikisiwo ndi a ndani? Kunyumba sitiona amene wagwira cholembera. Uyu wathandizidwa ndi mkulu wake, uyo wakopera kwa mnzake m'mawa, wina wafunsa ChatGPT, pomwe wina alibe ngakhale malo abata olemberapo. Pamenepo tikuchonga khomo limene mwana akuchokera. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti mwana amayamba kubisa pamene sakumvetsa, chonsecho homuweki ndi malo oyeserera, oti alakwitse kuti ife tidziwe pomuthandiza. Taonaninso zimene ziro amachita: mwana wapeza 80 pa ntchito zinayi, yachisanu sanabweretse, avereji yagwa kufika pa 64. Kodi nzeru zake zatsika? Ayi ndithu.

Yachiwiri ndi kupereka malikisi ochepa, monga 10 peresenti, pongoona kuti walemba. Imachepetsa mantha komanso ntchito yochonga. Vuto lake, wolemba mosamala ndi wongodzaza tsamba amalandira zofanana, ndipo ana sachedwa kuzindikira zimenezi.

Yachitatu ndiyo ndimaikonda. Homuweki ilibe malikisi. Mphunzitsi amalembapo ndemanga, kenako amapereka kamayeso ka mphindi zochepa m'kalasi kochokera pa ntchito yomweyo. Wokopera amaonekera pomwepo, wolemba yekha amapindula. Khama ndi kusunga nthawi zimalembedwa padera pa lipoti, kuti kholo lione kukhoza kwa mwana ndi khama lake osasakaniza. Njirayi ndi yolemetsa, chifukwa masabata oyamba ana ena amasiyiratu kulemba, ndipo m'kalasi yodzaza kulemba ndemanga kumadya nthawi.

Msinkhu nawo tiziuganizira. Harris Cooper wa ku Duke University ndi anzake, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2006, anapeza kuti homuweki imayenderana ndi kukhoza bwino makamaka ku sekondale, pomwe ku pulayimale mgwirizanowo ndi wochepa. Choncho kwa ana aang'ono sindiona chifukwa choiikira malikisi. Ku sekondale, ngati sukulu ikukakamiza, ndingavomere njira yachiwiri, bola isapitirire 10 peresenti ndipo wochedwa apatsidwe mpata wobweretsa ntchito yake asanalembedwe ziro.