Kashopu kokonza makompyuta ku Limbe, sathamangira kufomata

Amene muli ku Blantyre ndipo kompyuta ya kunyumba ikukusowetsani mtendere, pali kashopu kena ku Limbe cha kufupi ndi msika, kali m'mwamba mwa shopu ya nsalu, chikwangwani chake changolembedwa kuti timakonza makompyuta ndi mafoni basi. Amene amakonza ndi mnyamata wofatsa, salankhula zambiri koma ntchito amaidziwa.

Chomwe ndimamukondera ndi chakuti sathamangira kufomata, kuja kofufuta zonse za mu kompyuta nkuikamo Windows mwatsopano. Mukudziwa mmene amachitira ambiri mtauni muno, ukangoti laputopu ikuchedwa yankho ndi limodzi, bwana iyi tiifomate, akuikira Windows ya kaya kuti, zithunzi za ukwati zapita, ntchito za kusukulu za mwana zapita, ndalama walipira ndipo pakatha mwezi vuto lomwe lija labwereranso. Uyu amayamba wafunsa kuti chinayamba liti, munaikamo chani, kenako amakuonetsa pa sikirini chomwe chavuta iwe uli pomwepo.

Desikitopu yathu yakale inafika pokana kutsegula webusayiti iliyonse, Chrome imangolemba zoti wotchi yanu ili m'mbuyo, ife kunyumba tinkati ndi vairasi. Iye anangoyang'ana pakona pansi paja nkuseka, deti inali ya zaka zambiri zapitazo. Muli kabatire kozungulira ngati kobiri pa motherboard, CR2032, kamasunga nthawi kompyuta ikazima, ndiye kakatha mphamvu deti imabwerera m'mbuyo nthawi zonse magetsi akathima, ndipo mawebusayiti amakana chifukwa ma certificate awo amayendera masiku. Anasintha kabatire, nkuika time zone pa Harare, Pretoria, poti pa mndandanda wa Windows Lilongwe palibe koma nthawi yake ndi imodzimodzi, UTC+2. Zinathera pomwepo, ndalama yake sinafike ngakhale ya bandulo ya mwezi.

Za bandulo zomwezo, ichi ndiye chinandisangalatsa kwambiri. Ukalumikiza laputopu pa hotspot ya foni, Windows imaona ngati uli pa neti yopanda malire, imayamba kukoka ma update mwakachetechete, OneDrive, pulogalamu yosungira mafayilo pa neti, nayo ikukweza mafayilo, iwe wangotsegula imelo imodzi uthenga wabwera kale woti data yatha. Anandionetsa pa Settings, Network & Internet, kusankha Wi-Fi ija nkuyatsa metered connection, kuti Windows idziwe kuti data yake ili ndi malire. Koma anandichenjeza kuti amwene musazimitse ma update mpaka kalekale, mukapeza Wi-Fi yabwino muziisiya ikoke, chifukwa ndi momwe amatsekera mipata yolowera mavairasi. Ena akanangozimitsa zonse nkundilipiritsa.

Fulashi ya mayi a kunyumba inabwera kuchokera kopulintitsa mafoda onse atasanduka ma shortcut, iwo misozi ili m'maso poti munali mapepala a banki mkhonde. Mnyamatayu anati mayi musadandaule, mafayilo sanafufutidwe angobisidwa. Anaisikana kaye fulashiyo, natsegula Command Prompt nkulemba attrib -h -r -s /s /d kumapeto kwake chilembo cha fulashiyo, mafoda onse mbwee kutulukira. Anawauza kuti ma shortcut amenewo asamawadine chifukwa ndi pomwe vairasi imalowera mu kompyuta. Anachotsanso ma antivayirasi awiri omwe mwana anaikamo, akuti akachuluka amalimbana okhaokha makina nkumalemera, Windows Security yomwe imabwera ndi Windows ikukwana bola izilandira ma update.

Tina timavuto sakulipiritsa nkomwe. Kiyibodi ikamatulutsa " pomwe ukufuna @, ndiye kuti yasintha pakati pa ya UK ndi ya US, dinani batani la Windows ndi Space ibwerera. Kompyuta ikamachedwa kudzuka amatsegula Task Manager, Ctrl Shift Esc, nkuzimitsa mapulogalamu omwe amayamba okha pa Startup. Yanga disiki imangokhala pa 100% ndipo anandiuza mosabisa kuti apa ma setting sathandiza, hard disk yatopa, mukapeza ndalama gulani SSD, disiki yamakono yothamanga. Sanandikakamize kugula kwa iye.

Pa nkhani ya Windows 11 anayankhanso chilungamo. Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a masiku onse a Windows 10 pa 14 October 2025, koma Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, desikitopu yathu ilibe. Anati njira zokakamizira zilipo koma iye salonjeza kuti ma update azibwera bwinobwino, ndiye tisankhe tokha.

Zoipa zilipo ndithu. Nthawi sasunga, akati mubwere mawa dziwani kuti ndi mkuja, ndipo foni sayankha akakhala pa ntchito. Risiti mpaka uchite kupempha, nayonso ndi kapepala kolemba pamanja, zomwe sizindisangalatsa poti ukusiya katundu wodula. Malo ndi ochepa, mpando ndi umodzi, masitepe ake ndi otsetsereka moti kukwera ndi desikitopu m'manja ndi ntchito, agogo asayerekeze. Jenereta alibe, magetsi akathima ntchito yaima mpaka abwere. Komanso alibe posungira mafayilo a makasitomala, akafuna kukhudza disiki amati bweretsani hard drive kapena fulashi yanu yaikulu tikopere kaye.

Amalandira kashi, Airtel Money ndi Mpamba. Mukamapita nyamulani chaja ya laputopu, pasiwedi muikumbukire, ndipo uthenga wa error ukatuluka kunyumba ujambuleni ndi foni chifukwa chinthu choyamba chomwe amafunsa ndi chakuti inalemba kuti chani. Loweruka kumadzaza ana asukulu, bola kupita pakati pa sabata m'mawa.