Kupangiratu, kudikira oda, kapena kuduliratu: iti imadya mpamba wa shopu yowotcherera?

Mukadutsa ku Garden kapena ku Kalingalinga mu Lusaka mudzaona mafelemu a zitseko, mageti ndi ma burglar bar atatsamira m'mbali mwa msewu. Ena ali ndi mwini kale, ena akudikira mwini amene mwina safika chaka chino. Eni mashopu akakumana, nkhani ndi yomweyo: tizipangiratu kapena tizidikira kasitomala? Njira zilipo zitatu, osati ziwiri, ndipo mbali yanga sindibisa: ndili ku yachitatu.

Yoyamba ndi kupangiratu, imene a zamafakitale amati make to stock. Ubwino wake sufuna kufotokoza: munthu wafika ndi Canter, walipira, wanyamula. Koma imayenda pokhapokha saizi ikhale imodzi kwa aliyense, ngati felemu la chitseko wamba cha 813 mm m'lifupi ndi 2032 mm m'litali. Ngakhale pamenepo pali mbuna. Chitseko china chimatsegukira kumanja, china kumanzere; khoma lina ndi la buloko ya mainchesi 4, lina ya mainchesi 6. Felemu limodzi lija lasanduka mitundu inayi. Mukapanga khumi pa mtundu uliwonse, mafelemu 40 aima panja, mpamba wagona tulo, ndipo mvula ikagwa mu Novembala dzimbiri limayambira m'makona owotcherera momwe penti yofiira sinalowe bwino.

Yachiwiri ndi kudikira oda, make to order. Imeneyi ndiyo anthu amaitama kuti ilibe ngozi: kasitomala wapereka dipoziti, dipoziti yagula chitsulo, inu mwangoikapo manja. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, amatero. Sindikutsutsa. Chimene chimandipweteka n'chakuti njirayi ili ndi msonkho wobisika umene sulembedwa pa kotesheni, ndipo amaulipira ndinu, osati kasitomala.

Tengani paipi ya makona anayi. Imabwera ya mamita 6. Oda ikufuna zidutswa za mamita 1.2, ndipo pamutu mwawerengera kuti paipi imodzi itulutsa zisanu. Siitulutsa. Disiki ya makina odulira imadya pafupifupi mamilimita 3 nthawi iliyonse ikadutsa, ndiye mukadula kanayi chotsala chija ndi 1188 mm, chaperewera ndi mamilimita 12. Pa zenera la munthu simungachiike. Chimaponyedwa pakona, ndipo chimenecho ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a paipi yonse imene mwalipira. Wodula maoda angapo pamodzi saluza chotero: pa paipi yomweyo amatulutsa zinayi za 1.2 ndi chimodzi cha 0.9 cha zenera lina, n'kutaya kachidutswa kosakwana mamilimita 300. Pitani mukayang'ane mulu wa zotsala kuseri kwa shopu iliyonse yodikira oda. Ogula zitsulo zakale amaugula pa kilo, mtengo wa misozi.

Msonkho wachiwiri ndi nthawi. Oda iliyonse ili ndi ulendo wakewake wokagula chitsulo, ndipo wagalimoto salipiritsa theka chifukwa mapaipi ndi atatu okha. Kenako kumasula jigi (chida chogwira zidutswa pamalo pake powotcherera), kuyeza, kuyesa chidutswa choyamba, kukonza. Theka la ola limapita ntchito isanayambe, kaya mukupanga mazenera awiri kaya makumi awiri. Nthawi yonse kuyambira pamene oda yalembedwa kufikira katundu atanyamulidwa ndiyo amati lead time, ndipo pa njirayi imatalika: tsiku logula, tsiku lodula ndi kuwotcherera, tsiku loti penti iume. Uku womanga nyumba ku Chalala wafika pa msinkhu wa mazenera, khoma silingakwere felemu lisanalowe. Mukachedwa masiku awiri, oda ya mageti ya nyumba yomweyo ipita kwa mnzanu woyandikana naye.

Apa ndipatuke pang'ono. Pali ena amabwera kumaphunziro a bizinesi atanyamula mawu oti just in time, akuti sitoko ndi tchimo, gulani chitsulo tsiku lomwe mukuchifuna. Njirayi inakulira ku Toyota ku Japan, m'manja mwa Taiichi Ohno, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo inayenda chifukwa opanga zipangizo anali pafupi ndi fakitale, akubweretsa katundu pa nthawi yopangana. Kuno chitsulo china chimachokera ku South Africa pa thiraki, n'kuima pamzere ku Chirundu kapena ku Kazungula. Saizi imene mukufuna ikatha m'tauni, mulibe pothawira. Kutengera Toyota popanda zimene zinaichirikiza Toyota n'kuvala nsapato ya mwini.

Yachitatu ndi kuduliratu zigawo n'kulumikiza oda ikabwera, assemble to order. Imayenda chonchi. Tsegulani buku la maoda a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, muone masaizi atatu kapena anayi amene amabwerabwera. Pa saizi iliyonse lembani mndandanda wa zonse zolowamo, umene amati bill of materials: zidutswa zingati za utali wanji, mahinjesi angati, zogwirira khoma zingati, marodi owotcherera angati, penti yochuluka bwanji. Kenako dulani zidutswazo pagulu, mupale m'mphepete, mumange m'mitolo, mtolo uliwonse ulembedwe utali wake ndi choko. Osawotcherera. Chidutswa cha 1.2 chisanawotcherere chikhoza kulowa m'zenera la aliyense, mukangochiwotcherera, chakwatiwa. Mahinjesi nawo aikidwe pomaliza, kasitomala atanena mbali yotsegukira, ndipo mitundu inayi ija yatsika kukhala iwiri.

Chimene chimandikokera kwenikweni ku njirayi ndi malaiti. M'shopu iliyonse muli malo amodzi opanikiza, bottleneck, amene amalamula kuchuluka kwa zotuluka. Ngati wodula akwanitsa mazenera 30 patsiku, wowotcherera 12, wopenta 20, shopu yanu ndi ya mazenera 12. Kugula makina ena odulira sikuwonjezera ngakhale limodzi, kumangokulitsa mulu pamapazi a wowotcherera. Mu 2024, madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba, malo opanikiza sanalinso munthu koma maola ochepa amene magetsi ankabwera. Wokhala ndi mitolo yodulidwa kale maola onsewo amawapereka ku kuwotcherera; kuyeza, kulemba ndi kupenta amachita atazima. Wodikira oda amayamba kudula pamene mnzake akumaliza felemu lachisanu.

Njirayi imafuna kudziwa nthawi yogula. Werengani chonchi: zimene mumagwiritsa patsiku, kuchulukitsa ndi masiku odikira katundu, kuwonjezera zapadera zotetezera. Mapaipi 8 patsiku, masiku 3, zapadera 10: akatsala 34, itanitsani, osadikira kuti shelefu ioneke pansi. Pa tizinthu tating'ono ngati marodi a 2.5 mm ndi madisiki musavutike ndi masamu. Sungani mabokosi awiri. Loyamba likatha, tsegulani lachiwiri, ndipo lopanda kanthu lija liikidwe patebulo la wogula tsiku lomwelo. Apa pokha ndiye a Toyota ndimawavulira chipewa, chifukwa kanban yawo yotchuka ija ndi nzeru yomweyi ya kakhadi konena kuti chatha, bweretsani china.

Zofooka zake zilipo. Geti la maluwa ndi zopindapinda sililowamo. Limenelo dikirani oda ndipo mtengo wa zotsala muulembe pa kotesheni. Zidutswa zodulidwa zimanyamulika mosavuta kuposa paipi yathunthu, ndiye mitolo iziwerengedwa Loweruka lililonse ndi munthu amene si wodula. Ndipo musadule zoposa za milungu iwiri nyengo ya mvula, pamene omanga amachepa, chifukwa chitsulo chodulidwa chosapaka chimachita dzimbiri kumapeto, ndipo wowotcherera adzataya maola a malaiti akupala m'malo molumikiza.