Miyezi 9 ndikulipira kampani yofalitsa nkhani zotsatsa malonda pa intaneti

Papita miyezi 9 chiyambireni kugwiritsa ntchito kampani ina yomwe imalemba ndi kufalitsa nkhani zotsatsa malonda pa intaneti. Nditangoyamba kumene ndinaichemerera kwambiri. Ndinanena kuti anthuwo ndi achangu, nkhani imatuluka pasanathe masiku awiri, ndipo amakutumizira lipoti losonyeza mawebusaiti ambirimbiri amene nkhani yako yaonekerapo. Zonsezo n'zoona mpaka lero, sindikubweza mawu. Pamene ndinaphonya m'pakuti ndinkayeza ntchitoyo ndi kutalika kwa lipoti, osafunsa n'komwe ngati pali munthu amene anawerenga nkhanizo.

Ineyo ndimaphunzitsa eni mabizinesi ang'onoang'ono kasungidwe ka mabuku a ndalama, ndipo maphunzirowo ndimagulitsa pa webusaiti yanga. Chimene ndinkafuna chinali chapafupi: anthu atsopano amve za ine, ndiponso webusaitiyo ikwere pang'ono munthu akamafufuza pa Google. Kampaniyo inali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi press release, nkhani yolembedwa ngati chilengezo chopita kwa atolankhani, yomwe amaimwaza kumawebusaiti ambiri nthawi imodzi. Yachiwiri ndi guest post, nkhani yoikidwa pa webusaiti ya munthu wina, mkati mwake muli linki yobwera kwa iwe. Ndinatenga zonse ziwiri, n'kumalipira mwezi ndi mwezi.

Ndiyambe ndi press release, chifukwa ndi imene inandisangalatsa kwambiri poyamba. Kamwazidwe kameneka si kachilendo ayi. PR Newswire inayamba mu 1954, Business Wire mu 1961, ndipo ntchito yawo inali kufikitsa zilengezo za makampani m'maofesi a nyuzipepala, kuti mkonzi aone ngati muli nkhani yoti n'kulemba. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni ndipo ikadalipo. Koma zimene zinkachitika ndi nkhani zanga n'zina. Mawebusaiti ambiri a pa lipoti lija amangokoka chilengezocho paokha kudzera m'makina, n'kuchiika pakona inayake popanda mkonzi aliyense kuchiona. Ndinazindikira zimenezi m'mwezi wachitatu, tsiku lina nditangoganiza zoyesa. Ndinasiya linki ya pa lipoti, n'kulowa pa tsamba loyamba la webusaiti ina yodziwika bwino ngati mmene angachitire wowerenga wamba, n'kuyamba kufunafuna nkhani yanga. Ndinadina paliponse podinika, koma osaipeza. Nkhaniyo inalipo ndithu, koma kunalibe khomo lolowera kumene inali. Woiona yekha anali amene ali ndi linki, kutanthauza ineyo ndi amene ananditumizira lipoti. Paja amati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Kenako ndinakopera chiganizo chimodzi cha m'nkhaniyo, n'kuchifufuza pa Google ndendende mmene chinalembedwera. Pa mawebusaiti onse aja panatuluka owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Apa palibe anandibera, ndi mmene Google imagwirira ntchito: ikapeza nkhani imodzimodzi pamalo ambiri, imasankhapo kope limodzi loti izisonyeza, ena onse n'kuwabisa. Ndiye kaya nkhani yako yaikidwa pamalo 10 kapena 100, kwa munthu wofufuza ndi nkhani imodzi basi. Patapita miyezi ingapo ndinabwereranso ku malipoti akale aja, ndipo malinki ambiri anali atafa kale. Mawebusaiti otere amachotsa zilengezo zakale pakapita kanthawi, koma zimenezi palibe anandiuza polembetsa, nanenso sindinafunse.

Kuyambira pamenepo ndinaumirira kuti linki iliyonse yobwera kwa ine izikhala ndi zizindikiro za UTM kumapeto kwake. Timawu timeneti timathandiza kuti mu Google Analytics, chida chowerengera alendo obwera pa webusaiti yako, uone bwinobwino kuti mlendo wachokera pa nkhani iti. Ndikanachita zimenezi tsiku loyamba, bwenzi nditasiya kale. Alendo ochokera ku press release anali ochepa zomvetsa chisoni, ndipo ambiri mwa ochepawo ankatuluka asanawerenge kalikonse. Wogula maphunziro kuchokera kumeneko sindinamuone ngakhale mmodzi.

Za malinki ndiye zinandidya mutu, ndipo ndikuona kuti m'pamene anthu ambiri amataya ndalama. Wotsatsa ntchitoyi amakuuza kuti malinki ochokera kumawebusaiti ena adzakweza webusaiti yako pa Google. Mfundoyo payokha si yabodza, malinki amawerengedwadi. Koma linki yolipira ili ndi lamulo lake. Kuyambira mu 2005 pali chizindikiro chotchedwa nofollow, chomwe mwini webusaiti amaika pa linki pouza makina ofufuzira kuti sakuikira kumbuyo kumene linkiyo ikupita. Mu September 2019 Google inawonjezera china, sponsored, cha malinki olipiridwa. Malamulo a Google amati linki iliyonse yogulidwa izikhala ndi chimodzi mwa zizindikiro zimenezi. Ndiye taonani pamene munthu waima. Linki yako yolipira ikakhala ndi chizindikiro, usayembekezere kuti ikukweza. Ikakhala yopanda chizindikiro, ndiye kuti ikuphwanya malamulo a Google yomweyo imene ukufuna ikukweze. Malinki a mu press release zanga anali a nofollow pafupifupi onse. A mu guest post analibe chizindikiro chilichonse, ndipo wondithandiza kukampaniko ankanena zimenezi monyadira, ngati ndiye ubwino wake.

Nditayamba kuwerenga mbiri ya zinthuzi ndinachita manyazi, chifukwa zonse zinanenedwa kalekale. Mu February 2011 Google inasintha kasanjidwe kake ndi chimene chinatchedwa Panda, ndipo mawebusaiti amene ankangounjika nkhani zosalongosoka za aliyense wofuna linki anagwa kwambiri. Mu April 2012 kunabwera Penguin, yolimbana ndi malinki ochita kupanga. Mu 2013 Google inatchula mosabisa kuti malinki okhala ndi mawu osankhidwa dala, omwazidwa m'nkhani ndi m'ma press release, ali m'gulu la zoletsedwa. Mu January 2014 Matt Cutts, amene panthawiyo ankatsogolera gulu la Google lolimbana ndi zachinyengo zoterezi, analemba kuti kulemba guest post pofuna malinki basi kwatha ntchito. Ine ndinalipira chinthu chimene eniake anachikana zaka zoposa 10 zapitazo.

Palinso manambala amene amakuonetsa kuti ukopeke. Pa webusaiti iliyonse ya guest post amalembapo DA kapena DR, ndipo nambala ikakwera mtengo umakweranso. DA ndi muyezo wa kampani ya Moz, DR ndi wa Ahrefs, yonse iwiri imayerekeza mphamvu ya webusaiti poona malinki opita kwa iyo, ndipo imafika pa 100. Ndi miyezo yothandiza kwa amene akuidziwa, koma si ya Google, ndipo siikuuza ngati webusaitiyo ili ndi owerenga. Webusaiti ina imene anandiikapo inali ndi nambala yokwera bwino. Nditaitsegula ndinapeza nkhani yanga ya mabuku a ndalama ili pakati pa nkhani ya juga ndi ina ya mankhwala oyeretsa mano, m'munsi mwake ya ngongole zapompopompo. Wolemba analibe dzina, ndemanga kunalibe, ndipo nkhani iliyonse inali ndi linki imodzi yopita kwa amene analipira. Webusaiti yotere siilembedwera munthu. Ngakhale mawebusaiti akuluakulu amene amabwereketsa kagawo kawo kwa ogulitsa nkhani zotere sali pabwino: mu March 2024 Google inalengeza lamulo loletsa kuika nkhani za anthu ena pa webusaiti yodalirika n'cholinga chongodyera mbiri yake, ndipo linayamba kugwira ntchito mu May chaka chomwecho.

Koma chimene chinandipweteka mtima kwenikweni si malinki. Ndi nkhani imodzi ya m'mwezi wachisanu. Nthawi zonse a kukampani ija ankanditumizira nkhani kuti ndiione isanatuluke, ndipo sabata imeneyo ndinali wotanganidwa, ndinangoyendetsa maso pamwamba n'kuvomera. Wolemba wawo anali atasakaniza phindu ndi ndalama zimene zili m'manja, ngati n'chinthu chimodzi. Kwa ena kangaoneke kanthu kochepa, koma phunziro langa loyamba lenileni ndi lakuti bizinesi ikhoza kupanga phindu m'mabuku koma n'kusowa ndalama yolipira ngongole mawa. Ndiye nkhani yokhala ndi dzina langa inkaphunzitsa cholakwika chomwe ine ndimalipiritsa anthu kuti ndiwachotse m'mutu. Nditapempha kuti akonze, anakonza kope lawo tsiku lomwelo, ndiwayamikire pamenepo. Makope ena onse aja sakanatha kuwakhudza, chifukwa mawebusaitiwo si awo. Mwayi wanga unali womwe uja wondidandaulitsa: kunalibe owerenga. Mlandu wake ndi wanga ndithu, poti ndinavomera ndine. Komabe nkhani zawo zonse zinali choncho, zosalala bwino, zopanda chitsanzo chenicheni ngakhale chimodzi, zoti ukachotsa dzina langa n'kuikapo la wina palibe chingasinthe.

Zabwino zilipo, ndisaname. Sanachedwetsepo ntchito, ndipo ukawalembera amayankha mwaulemu. Kwa kanthawi, munthu akafufuza dzina la bizinesi yanga ankapeza zinthu zingapo m'malo mwa webusaiti yanga yokha, zomwe zimathandiza pang'ono kwa kasitomala wofuna kutsimikiza kuti ulipodi. Ndipo kamodzi, nditalengeza maphunziro atsopano, mtolankhani wina wolemba za mabizinesi ang'onoang'ono ananditumizira mafunso. Kamodzi kokha pa miyezi 9, ndipo kanali kokhako pamene ndinali ndi nkhani yeniyeni yoti ndilengeze. Miyezi ina yonseyo tinkangofinya nkhani pamene palibe nkhani, poti ndalipira kale ndiye china chake chituluke. Kampaniyo inandipatsanso zithunzi za mayina a nyumba zofalitsa nkhani zotchuka kuti ndiike pa webusaiti yanga, kusonyeza kuti ndinatulukako kumeneko. Ndinaziika sabata imodzi n'kuzichotsa. Kasitomala akanandifunsa kuti analemba zotani za ine, ndikanayankha chiyani?

Chimene chinagwira ntchito ndinachipeza ndekha, ndipo chinali chotopetsa. M'mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinalembera mkonzi wa webusaiti ina yaing'ono yomwe amawerenga eni mashopu ndi ogulitsa zinthu pa intaneti. Nambala yake ya DA inali yotsika, kampani ija sikanaiyang'ana n'komwe. Mayiyo anandiuza mosapita m'mbali kuti nkhani yolipira amalandira, koma pamwamba pake amalembapo kuti ndi yolipiridwa, ndipo linki imakhala ndi chizindikiro cha sponsored. Zolemba pamwambazo si mwambo wake yekha: ku United States bungwe la FTC, ndi ku Britain bungwe la ASA, amafuna kuti nkhani yotsatsa izidziwika kuti ndi yotsatsa. Ndinkaopa kuti anthu akaona mawuwo athawa.

Nkhaniyo ndinalemba ndekha, ndipo anaibweza kawiri. Ulendo woyamba anati ndime zitatu zoyambirira ndikungodzitama, ndizichotse. Ulendo wachiwiri anati ndanena kuti anthu azisiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za m'thumba mwawo koma sindinasonyeze kachitidwe kake, ndiike chitsanzo cha tsamba limodzi la buku, mzere ndi mzere. Ndinanyinyirika, poti ndimaona ngati ndikupereka phunziro laulere, komanso ndine wolipira. Zinatenga milungu itatu kuti ituluke, pamene kampani ija ikanatulutsa nkhani zingapo m'nthawi yomweyo. Itatuluka, anaiika pa tsamba loyamba n'kuitumizanso pa imelo kwa owerenga ake. Anthu anabwera, anafunsa mafunso okhudza chitsanzo chija, ena analembetsa maphunziro. Mpaka pano mu Analytics ndimaonabe alendo ochokera pa nkhani imodzi imeneyo sabata iliyonse, ndipo onse amene yabweretsa aposa a nkhani zonse za kampani ija kuphatikiza pamodzi. Linki yake sinandikweze pa Google, ndipo sindinayembekezere kuti itero.

Kusiya kunali ndi kovuta kake. Mgwirizano unkadzikonzanso wokha mwezi uliwonse, ndipo pofuna kuuthetsa umafunika kudziwitsa pasadakhale, zomwe zinalembedwa ndithu koma ine sindinawerenge, choncho ndinalipira mwezi wina wowonjezera. Nditasiya, ma guest post awiri anakhalapobe koma malinki anga atachotsedwamo. Apa m'pamene ndinadziwa kuti malo ena sugula, umachita lendi. Ngati mukufuna kulowa m'zimenezi, funsani zinthu izi musanalipire, ndipo akuyankheni molemba: nkhani ikhalapo nthawi yaitali bwanji, linki ikhala ndi chizindikiro chanji, ndiponso ngati munthu angaipeze kuchokera pa tsamba loyamba la webusaitiyo. Apempheninso akuonetseni nkhani ya kasitomala wina ya chaka chatha, muone ngati ikadalipo.

Ena anandilangiza kuti ndigwiritse ntchito chida cha disavow, chomwe Google inatulutsa mu October 2012, chouzira Google kuti isawerengere malinki ena obwera kwa iwe. Ndinayang'ana mu Search Console, momwe Google imatumiziramo machenjezo kwa mwini webusaiti, sindinapezemo chenjezo lililonse la chilango, ndiye ndazisiya kaye choncho. Webusaiti yanga pa Google ili pomwe inali ndisanayambe, sinakwere, sinatsike.

Panopa zolipira mwezi ndi mwezi ndinathetsa. Press release ndidzagulanso imodzi yokha, pamene maphunziro a misonkho amene ndikukonza adzakhale okonzeka, poti pamenepo padzakhala choti ndilengeze. Nkhani yachiwiri ndinatumiza kwa mkonzi uja sabata yatha. Waibweza kale, akuti mutu wake ndi wautali ndipo chitsanzo chabwera mochedwa.