Nimu, malaina, mango ndi kesha patatha miyezi 14 m'nyumba ya ku Senga Bay

Katundu amene tikunena pano analowa m'nyumba mu Seputembala. Wadutsa dzinja lonse, mwera wa Juni ndi Julaye, ndi kutentha kwa Okutobala kawiri. Nyumbayo ndi ya malata, pansi pa simenti, kufupi ndi nyanja. Muli tebulo lodyera la nimu, mipando isanu ndi umodzi ya malaina, kabati ya malaina, katebulo ka pabalaza ka mango ndi timipando tiwiri ta kesha. Aliyense akamva kuti mulibe thabwa la mlombwa kapena mbawa amafunsa zofanana: kodi sizifumbwa, sizipindika?

Mlombwa unatizolowetsa moipa. Suphwa kwambiri ukamauma, mtima wake chiswe chimaulambalala, ndiye mmisiri akaupala usanaumitsitse zinthu zimayendabe. Koma wasowa, ndipo wopezekayo kawirikawiri amakhala wodulidwa mozemba. Mitengo inayi iyi ili ponseponse kuno ku Salima, m'minda ndi m'mphepete mwa misewu, kungoti siikhululukira mmisiri wopupuluma. Zambiri mwa zomwe zavuta pa miyezi 14 zachokera pawiri: kuumitsa mosakwanira, ndi kusiya mbali yoyera ya kunja kwa mtengo pa thabwa.

Tebulo la nimu ndilo latuluka bwino kuposa zonse. Nimu ndi wa banja limodzi ndi mbawa, ndipo mtima wake wofiirira wadera pang'ono ndi miyezi mpaka mlendo amaganiza kuti ndi mbawa yeniyeni. Pamwamba pake ndi masentimita 180 kutalika, 90 mulifupi, matabwa asanu ndi limodzi olumikiza ndi guluu woyera. Palibe ufa pansi pake, palibe mlumikizo womwe watseguka. Fungo lowawa lija linatha m'masabata oyamba. Mu Febuluwale tebuloli linafufuma pafupifupi mamilimita 6 mulifupi poyerekeza ndi Okutobala, koma silinang'ambike chifukwa pamwamba sipanakhomedwe ndi misomali. Panamangidwa ndi masikuluwu odutsa m'mabowo otalikirapo chopingasa, kuti matabwa azisuntha nyengo ikasintha. Mukakhoma zolimba kuzungulira, thabwa limasowa kolowera, limang'ambika kumapeto. Vuto la nimu lili popala: mitsempha yake imapiringizana, pulena ikadya kwambiri imazula tizidutswa. Nolani mpeni pafupipafupi, muzidya pang'onopang'ono, ndipo bowolani kaye musanalowetse sikuluwu.

Malaina ndiye pali nkhani. Kabati ili bwinobwino, zitseko sizinakakamire ngakhale mvula ili pakati, chifukwa mtengowu ukauma susunthasuntha. Koma mipando iwiri mwa isanu ndi umodzi inayamba kugwedera mu Ogasiti, pomwe mwendo wakumbuyo umakumana ndi thabwa logwira pokhalira. Titamasula, lilime lolowa m'bowo linali litaphwa, guluu atasiya. Miyendo ndi matabwa ogwirawo zinachokera ku matabwa a mainchi awiri omwe anauma miyezi itatu yokha. Malaina amanamiza: kunja amaoneka ouma, opepuka, pulena ikuyenda ngati pa sopo, koma m'kati muli madzi. Thabwa la inchi imodzi lipatseni miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pamthunzi, la mainchi awiri pafupifupi chaka. Osadalira kugogoda kapena kukhudza ndi dzanja. Sankhani thabwa limodzi pamulu, muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba ndi pensulo. Kulemera kukaima masabata atatu otsatizana kunja kuli kouma, mukhoza kuyamba ntchito.

Kasanjidwe kake: mulu ukwere masentimita 40 kuchoka pansi, pakati pa matabwa muike timitengo touma ta masentimita 2 pa theka la mita lililonse, timitengoto tilunjikane kuchoka pansi mpaka pamwamba. Kumapeto kwa matabwa pakani penti yotsala kuti asang'ambike, pamwamba tsindirani ndi miyala. Dzuwa la kuno likawomba thabwa laliwisi limaumitsa khungu lokha n'kulikhotetsa.

Mipando iwiri ija inakonzedwa popala guluu wakale yense, kumata kachidutswa kopyapyala pa lilime kuti lithine, kenako kukhoma chikhomo cha kesha cha mamilimita 8 chodutsa mwendo ndi lilime. Miyezi itatu yadutsa, sinagwedere. Dziwaninso kuti malaina ndi ofewa. Mwana akalemba ndi bolopeni papepala limodzi, zilembo zimatsala pa thabwa, ndipo masikuluwu a mahinjesi a chitseko chimodzi cha kabati anayamba kumasuka. Pa mahinjesi ndi bwino kumatirapo kachidutswa ka nimu m'kati. Pamwamba pa tebulo lodyera malaina sitingakulangizeni, koma pa kabati, mashelefu ndi zitseko zam'kati ndi abwino zedi.

Katebulo ka mango ndiko kokongola kuposa zonse, mizere yachikasu ndi yakuda yosakanikirana, koma ndiko kanavuta kwambiri. Mu Januwale pansi pake panayamba kuoneka ufa woyera ngati wa phala, kenako timabowo ta milimita imodzi kapena awiri m'mphepete. Tizilombo tofumbwitsa timatsata chakudya chomwe chili m'thabwa la mango, ndipo timaikira mazira thabwa lili pamulu. Vanishi satipha, amangotitsekera m'kati mpaka tibowole tokha. Mango amafuna mankhwala tsiku lomwe achekedwa, akadali aawisi: magalamu 500 a mankhwala a ufa otchedwa borax m'malita 10 a madzi otentha, kuviika matabwa kapena kupaka mbali zonse katatu, kenako kuwaunjika pamodzi mu pulasitiki sabata imodzi kuti mankhwala alowe asanasanjidwe. Chipika chisagone pansi masiku ambiri, chimachita mawanga a nkhungu omwe sachoka ndi sandipepa. Katebuloka kanakulungidwa mu pulasitiki wakuda n'kuikidwa padzuwa masiku atatu mu Okutobala. Ufa unasiya, koma mlumikizo umodzi unatseguka ndi kutenthako, ndiye njirayi ndi yopulumutsira chabe.

Za kesha n'zachidule. Mtima wake ndi wakuda, wolemera, msomali umapindika. Timipandoto tili ngati tatsopano, kupatula mwendo umodzi womwe unali ndi mzere woyera wa kunja. Mzere wokhawo ndiwo wafumbwa, chakuda chili chilili. Mtimawo ndi wochepa, thabwa loposa masentimita 10 mulifupi silipezeka kawirikawiri, ndiye ndi wa miyendo, zogwirira ndi zikhomo. Fumbi lake limayabwa m'maso ndi m'mphuno, mangani kansalu popala.

Pa zopaka, katundu yense analandira vanishi katatu, kukwecha ndi sandipepa wosalala wa nambala 220 pakati pake. Chofunika n'kupaka kunsi ndi m'kati momwe. Shelefu imodzi ya m'kabati inapakidwa pamwamba pokha, ndipo m'dzinja inakhota ngati bwato chifukwa kunsi kunamwa chinyontho pomwe pamwamba panali potseka. Itatembenuzidwa n'kupakidwa inawongoka.

Chiswe sichinakhudze chilichonse, koma tisanamizane kuti ndi mphamvu ya mitengo yokha. Malaina ndi mango chiswe chimadya chikapeza njira. Kabati inaimikidwa pa timiyendo ta kesha, masentimita 5 kuchoka kukhoma, ndipo ming'alu ya simenti inamatidwa katundu asanalowe. M'nyumba yozira, ikani miyendo pa njerwa zowotcha ndipo muzisuzumira kuseri mwezi uliwonse mvula ikayamba. Ngati matabwa mukukagula kutali, monga ku Chipoka kapena ku Khombedza, yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango za chikalata chonyamulira, chifukwa pa rodibuloko amafunsa ngakhale mtengowo uli wa m'munda.