Miyezi 9 ndi bokosi la mabuku 6: Dune yanga ili ndi dzenje pakati

Sabata yatha mnzanga anandifunsa ngati nayenso agule bokosi la mabuku limene ndinkalitama nditangolilandira. Ndinachita kaye chete, chifukwa kutama kuja ndinatama ndisanamalize buku ngakhale limodzi. Chimene chinkandisangalatsa nthawi imeneyo ndi zikuto zonyezimira, fungo la pepala latsopano ndi mtengo wotsika. Lero papita miyezi 9, onse ndawawerenga, ena kawiri, ndipo limodzi ndalimanga ndi mphira kuti masamba asamwazike.

Ndinagula kwa wogulitsa wina wa pa intaneti. M'bokosimo munali mabuku 6 achingerezi, ena a fantasy, aja a matsenga ndi maiko opeka, ena a science fiction, aja a sayansi ya m'tsogolo ndi maulendo a mumlengalenga.

Amene sanandivutitse sindichedwa nawo. Foundation ya Isaac Asimov, ya 1951, ili ndi ganizo lalikulu ndithu: Hari Seldon akuwerengera ndi masamu kuti ufumu wa mlalang'amba wonse ugwa. Koma anthu ake amangokhala m'zipinda n'kumakambirana, ndipo akazi mungawawerenge ndi dzanja limodzi zala n'kutsala. Kindred ya Octavia Butler, ya 1979, ndinaimaliza usiku uwiri. Dana, mayi wakuda wa mu 1976, amangokokedwa mwadzidzidzi kupita ku Maryland m'nthawi ya ukapolo kukapulumutsa Rufus, mwana wa mwini akapolo, amenenso ndi kholo lakale la Danayo. The Fifth Season ya N. K. Jemisin inandisokoneza poyamba chifukwa mbali ina wolemba amakutchula kuti "iwe", koma nditazolowera ndinamvetsa chifukwa chake inapambana mphoto ya Hugo, mphoto yotchuka ya mabuku a mtundu umenewu, mu 2016, mabuku awiri otsatira n'kupambananso mu 2017 ndi 2018. Atatuwa pepala lake ndi lopyapyala koma akadali amphumphu.

Lomangidwa ndi mphira lija ndi The Lord of the Rings ya J. R. R. Tolkien. Nkhani imene inatuluka m'mabuku atatu mu 1954 ndi 1955 anaipanikiza m'buku limodzi la masamba oposa 1,000, n'kumata ndi guluu basi, osasoka. Msana wake unathyokera pa chaputala cha msonkhano wa kwa Elrond, ndipo ndivomere kuti mbali ina ndi ine, chifukwa ndinakhala pamenepo masabata atatu, buku lili chovundikira patebulo, ndikulephera kudutsa akuluakulu aja akufotokozerana mbiri ya mphete. Tolkien sathamanga. Ukapirira amakulipira, makamaka pamene Sam akubereka mnzake Frodo, wonyamula mphete ija, kukwera phiri, koma buku lolemera chonchi silinayenera kumatidwa motero.

Zonsezi ndikanazikhululukira. Chimene chandichititsa kulemba izi ndi Dune.

Ndinalisunga dala kuti likhale lomaliza, choncho ndinalitsegula patapita miyezi 5. Frank Herbert analitulutsa mu 1965, osindikiza ambiri atalikana, mpaka linatengedwa ndi Chilton, kampani imene inkadziwika ndi mabuku ophunzitsa kukonza galimoto. Masamba oyambirira ndi olimba, mayina achilendo ali mbwee, moti chala changa chimodzi chinkakhala kumapeto kwa buku kumene kuli matanthauzo a mawu. Koma ukangofika ku Arrakis sufunanso kuchoka. Dziko lonse ndi mchenga, madzi ndiye chuma, anthu amavala zovala zimene zimatolera thukuta kuti alimwenso. Pali pena pamene Stilgar, mtsogoleri wa anthu a m'chipululu otchedwa Fremen, akulavula malovu patebulo pamaso pa Duke Leto, wolamulira watsopano wa dzikolo. Anthu a Duke akudzambatuka poganiza kuti ndi chipongwe, Duncan Idaho, msilikali wa Duke wodziwa miyambo ya a Fremen, n'kuwaletsa, chifukwa kumeneko munthu akakupatsa madzi a m'thupi mwake ndiye kuti wakulemekeza kotheratu. Ndi malovu okhawo Herbert wakuuza zonse za dzikolo.

Ndiye usiku wina ndafika pamene Paul, mwana wa Duke Leto, ndi mayi ake Jessica athawira kwa a Fremen, ndipo Jamis, mmodzi wa a Fremenwo, amene Paul anamugwetsa pokumana koyamba, wakwiya akufuna ndewu ya mipeni. Mtima uli m'mwamba, ndatembenuza tsamba, ndikupeza kuti ndabwerera m'mbuyo, Paul ndi Jessica akadali okha m'chipululu. Ndinaganiza kuti ndi tulo. Kenako ndinaganiza kuti mwina ndi luso la wolemba, poti Paul amaona zam'tsogolo ndi zam'mbuyo mosakanikirana, ndipo ndinawerengadi masamba awiri ndikudzinamiza choncho. Nditayang'ana manambala pansi ndi pamene ndinazindikira. Masamba 16 abwerezedwa, masamba 16 amene amayenera kukhala pamenepo kulibe. Nkhani ikuyambiranso Jamis atafa kale, anthu ali pa maliro ake, Paul akumutchula kuti Usul, ine osadziwa kuti dzinalo walipeza liti. Ndinaona Paul akugwetsa misozi, a Fremen akudabwa kuti akupereka madzi kwa wakufa, koma imfa imene akulirayo sindinaione.

Ndinafufuza kuti zimatheka bwanji. Buku silisindikizidwa tsamba limodzi limodzi. Amasindikiza pa pepala lalikulu, n'kulipinda kukhala kamtolo ka masamba 16 kapena 32, ndipo makina amasanja timitoloto motsatana asanamate. Makina akatola kamtolo komweko kawiri, kunenepa kwa buku sikusintha, ndiye palibe angaone ndi maso pokhapokha atawerenga kapena kutsatira manambala.

Zimenezi ndi zimene ndinayesa kumufotokozera wogulitsa. Imelo yoyamba anayankha tsiku lomwelo, mwaulemu, kupempha zithunzi. Ndinatumiza. Yachiwiri inati masiku 30 obwezera katundu anatha kalekale. Ndinayankha kuti vutoli silabwera chifukwa chogwiritsa ntchito, linachokera kosindikiza, ndipo ndani amawerenga mabuku 6, limodzi la masamba 1,000, m'masiku 30? Panapita sabata ziii. Kenako munthu wina, osati woyamba uja, anandifunsanso zithunzi zomwezo. Atazilandira anati popeza ndinagula ngati bokosi, ndibweze bokosi lonse, ndalama yotumizira ikhale yanga, akaliona adzaganiza chochita. Nditawerengera, kutumizako kunkayandikira theka la zimene ndinalipira, ndipo ndinadziwa kuti akaona msana wothyoka wa Tolkien apeza pothawira. Ndinakana. Anandipatsa kuponi yochotsera mtengo ndikadzagulanso kwa iwo. Ndinakananso, ndipo mawu amene ndinalemba tsiku limenelo sindingawabwereze pano.

Masabata amenewo mukanandifunsa ndikanati bokosi lonse ndi kutaya ndalama. Chinandiziziritsa mtima ndi kabuku kamene ndinkakanyoza kwambiri.

A Wizard of Earthsea ya Ursula K. Le Guin, ya 1968, ndi kochepetsetsa m'bokosimo, ndipo ndinkakaona ngati kongodzazira malo, ka ana. Ndinali nditakawerenga kale mothamanga, koma m'masiku odikira imelo aja ndinakatenganso. Ged ndi mnyamata wa pachilumba cha Gont, wamphatso koma wodzikuza. Mphunzitsi wake woyamba, Ogion, ndi munthu wosalankhulalankhula, amene mvula ikagwa amalola kunyowa m'malo moithamangitsa ndi matsenga, ndipo Ged zikumutopetsa. Akupita kusukulu ya ku Roke, ndipo pofuna kuonetsa wophunzira mnzake Jasper kuti iye ndi katswiri, akutsegula khomo limene silimayenera kutsegulidwa. Chikutuluka chinthu chakuda ngati mthunzi, n'kumukanda kumaso, ndipo kuyambira pamenepo chikumusaka. Matsenga a m'dzikolo agona pa mayina: ukadziwa dzina lenileni la chinthu, uli nacho mphamvu. Vuto la Ged ndi lakuti mthunziwo akuti ulibe dzina. Akuthawa chilumba ndi chilumba mpaka Ogion akumuuza kuti atembenuke, iye ndiye ausake. Dzina limene akuutchula kumapeto sindikuuzani, koma nditafika pamenepo kachiwiri ndinatseka buku n'kukhala phee kwa nthawi. Zimene ena amafunikira masamba 600 kuti anene, Le Guin wazinena m'masamba osakwana 200. Chinanso chimene ndinachiphonya ulendo woyamba: Ged ndi wa khungu lofiirira, mnzake Vetch ndi wakuda, azungu m'nkhaniyi ndi achifwamba a ku Kargad. Le Guin ankadandaula kuti ojambula zikuto amamuyeretsa Ged, ndipo chikuto changa chachitanso zomwezo.

Kabukuka ndakabwereketsa kwa anthu atatu ndipo sikanathothoke tsamba. Ndikakagwira ndimati bokosi lija linali lamwayi, chifukwa pandekha sindikanakagula. Ndikayang'ana Dune pashelefu mtima umabwereranso kuja.

Patatha masabata 6 wogulitsa anabweza ndalama, koma osati ya buku limodzi yonse. Anagawa mtengo wa bokosi pa 6, n'kuchotsaponso kenakake kamene anati ndi kogwiritsa ntchito. Zimene ndinalandira sizinakwane kugula Dune ina, ngakhale yogwiritsidwa kale ntchito imene ndinapeza, moti ndinawonjezera zanga. Ndewu ya Paul ndi Jamis ndinaiwerenga patapita miyezi iwiri, ndikudziwa kale wopambana. Tolkien naye afunika wina wosokedwa bwino, kapena atatu osiyana, ndipo ndikaphatikiza zonsezi kutchipa kuja kwatheratu.

Mnzanga uja ndamuuza kuti mabukuwo agule, onse kupatula mwina Foundation imene angabwereke yanga, koma agule limodzi limodzi kwa wogulitsa wina, ndipo tsiku lolandira akhale pansi atsatire manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka komaliza asanawerenge liwu. Wogulitsa wanga dzulo wanditumizira imelo yondipempha kuti ndimupatse nyenyezi, kuponi ija ili pansi pake. Ndamupatsa ziwiri, ndipo imodzi ndi ya Le Guin.