Patha miyezi 11 chikonzereni kompyuta imene inkakana kuyaka

Ndinadikira dala kuti nyengo ina yozizira idutse ndisanalembe za kompyuta yanga, chifukwa vuto lobwera lero n'kusowa mawa limapusitsa munthu mosavuta, ndipo ine linandipusitsapo kale mpaka ndinalengeza kwa anthu kuti latha pamene linali likadalipo. Kompyutayi ndinailumikiza ndekha mu Malichi 2024 kunyumba kwathu ku Mufakose mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe, ndipo ndi imene ndimakonzera zithunzi ndi mavidiyo a maukwati ndi a misonkhano ya mpingo. Muli purosesa ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B550, imene ndi bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse, ma RAM awiri a DDR4 a 8 GB iliyonse osunga zinthu kwa kanthawi makina akamagwira ntchito, graphics card yotumiza zithunzi ku sikirini ndi SSD yosungira mafayilo. Zonsezi zinali zatsopano kupatula power supply ya mawati 550 yogawira magetsi ku zipangizo zonse za mkati, imene ndinagula m'tauni itagwirapo kale ntchito kwina, poti ndalama zinali zitandithera.

Miyezi iwiri yoyamba inayenda bwino. Chakumapeto kwa Meyi ndi pamene inayamba kuvuta, ndipo inkavuta m'njira ziwiri. Nthawi zina ndikadina batani sipankachitika chilichonse, ngati kuti pulagi siili pakhoma. Nthawi zina mafani ankazungulira kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, n'kuima, n'kuyambanso, sikirini ili bii, kenako kagetsi kofiira kolembedwa DRAM, koimira RAM, n'kutsala koyaka pa motherboard. Ndikayesa kachitatu kapena kachinayi inkayaka, ndipo ikayaka inkagwira ntchito maola ambiri osazima ngakhale ndiipatse vidiyo yolemera chotani. Chimenechi ndicho chinandisokoneza kwambiri, chifukwa ndinkaganiza kuti chipangizo chimene chikupirira ntchito yolemera sichingalephere ntchito yaing'ono yongoyatsa makina.

Za Windows ndinena mwachidule, popeza kumeneko ndinangotayako nthawi. Ndinazimitsa Fast Startup, kenako ndinaikanso Windows yonse mwatsopano, ndipo sizinasinthe kanthu. Kompyuta imene sinaonetse ngakhale chizindikiro cha motherboard pasikirini imakhala kuti ikadali pa POST, kudziyeza kumene imachita isanawerenge chilichonse pa SSD, choncho pulogalamu iliyonse imene ili pa SSD sikhudzidwa ndi mlanduwo.

Kenako ndinatsatira kagetsi kofiira kaja. Ma motherboard ambiri a masiku ano ali ndi timagetsi tinayi, ta CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, timene timayaka motsatizana makina akamadziyeza. Ndinazula ma RAM onse, ndinapukuta mano ake, ndinawabwezera m'malo a A2 ndi B2 monga likunenera buku la motherboard, ndiponso ndinayesa imodziimodzi. Usiku wina umene magetsi anakhalitsa ndinayendetsa pulogalamu yoyeza RAM ya MemTest86 maulendo anayi ndipo sinapeze cholakwika ngakhale chimodzi. Apa m'pamene ndinachita cholakwa chachikulu pa nkhani yonseyi: tsiku limodzi ndinasintha zinthu zitatu. Ndinazimitsa XMP, njira yothamangitsira RAM, kuti RAM itsike kuchoka pa liwiro la 3200 ndi mavoti 1.35 kufika pa 2133 ndi mavoti 1.2, ndinaika batire yatsopano ya CR2032 pa motherboard, ndiponso ndinaika BIOS yatsopano, pulogalamu ya mu motherboard imene imadzutsa makina. Poopa kuti magetsi angazime BIOS ili mkati molembedwa, zimene zikhoza kupha motherboard, ndinanyamula kompyuta kupita nayo kwa amalume ku Highfield, mu Harare momwemo, amene ali ndi magetsi a sola, ndipo ndinaisiya komweko masiku 9 pomalizitsa vidiyo ya ukwati wina. Masiku onsewo inayaka ulendo woyamba. Ndinauza aliyense kuti vuto linali RAM, ndinabwerera nayo ku Mufakose, ndipo m'bandakucha wa tsiku lachiwiri inakananso.

Nzeru imene inathandiza inachokera kwa alamu anga, amene ndi namwino ndipo za makompyuta sazidziwa. Atandimva ndikudandaula anati, "Alamu, odwala amene matenda awo amabwera n'kupita timawalembera nthawi ndi zimene zinachitika asanadwale. Inuyo mwalemba chiyani?" Ndinalibe yankho. Kuyambira tsiku limenelo ndinasunga kope pambali pa kompyuta, ndipo ulendo uliwonse woyatsa ndinkalemba tsiku, ola, ngati kunali kozizira, nthawi imene pulagi inakhala yopanda magetsi, ndi chimene chinaoneka nditadina batani.

Chaka chimenecho chilala chinachepetsa madzi m'damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo magetsi ankapita m'mamawa n'kubwera usiku kwambiri. Monga amachitira anthu ambiri kuno, ndinkazimitsa soketi ya pakhoma magetsi akapita poopa mphamvu yobwera modzidzimutsa akamabwerera, ndipo ndinkadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kudzagwira ntchito, nthawi imene mu Juni ndi Julayi m'chipinda mumazizira mpaka zala kuuma. Patatha milungu isanu kope linaonetsa zimene mutu wanga unalephera kuona. Kukana konse kunachitika pamene kompyuta inakhala maola ambiri yopanda magetsi a pakhoma ndipo ine n'kudina batani nditangoyatsa soketi. Masiku amene ndinayatsa soketi n'kupita kaye kukawiritsa tiyi kwa theka la ola, inkayaka mosavuta. Apa ndinamvetsanso za masiku 9 a ku Highfield aja, chifukwa kwa amalume soketi sinazimepo usana ndi usiku, ndipo zinthu zitatu zimene ndinasintha zija sizinachize kalikonse.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kudziwa zimene zimachitika mu power supply ya ATX, mtundu umene uli m'makompyuta ambiri a pa tebulo, batani lisanadinidwe. Pa mawaya 24 a pulagi yaikulu yolowa mu motherboard, waya wa pepo, wotchedwa 5VSB, umakhala ndi mavoti 5 nthawi yonse imene soketi ili yoyatsa, ngakhale kompyuta ili yozima, ndipo ndi umene umadyetsa kachigawo ka motherboard kamene kamamva batani. Batani likadinidwa, motherboard imagwetsa mphamvu ya pa waya wobiriwira wa PS_ON, power supply imadzutsa mavoti 12, 5 ndi 3.3, ndipo ikaona kuti akhazikika imatumiza chizindikiro cha Power Good pa waya wotuwa, pakati pa mamilisekondi 100 ndi 500. Malamulo a ATX amalola kuti mphamvuzi zipatuke ndi 5 peresenti yokha, kutanthauza kuti mavoti 5 sayenera kutsika kupitirira 4.75. Poyamba ndinali nditayesa njira yotchuka yolumikiza waya wobiriwira ndi wakuda ndi kawaya kakang'ono, fani ya power supply inazungulira, ndipo ndinaichotsa pa mndandanda wa zokayikiridwa. Kuyesa kumeneko kumangosonyeza kuti power supply ikutha kudzuka ilibe katundu, ndipo pa vuto longa langa n'kopanda phindu.

Ndinabwereka multimeter, kachipangizo koyezera mavoti, ndipo m'bandakucha wina wozizira ndinayeza waya wa pepo nditangoyatsa soketi. Unasonyeza mavoti 4.3, manambala akugwedezeka, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa 5 patatha mphindi pafupifupi 20. Bambo wina wokonza mawailesi ndi ma TV ku Highfield, amene makolo ake anachokera ku Dedza, anatsegula power supply ija ndipo anandionetsa capacitor yaing'ono yotupa pamwamba, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, pafupi ndi thiransifoma yaing'ono ya chigawo cha 5VSB. Ma capacitor a mtundu umenewu ali ndi madzi mkati amene amauma ndi kutentha kwa zaka zambiri, ndipo popeza chigawo chimenechi sichipuma soketi ikakhala yoyatsa, kawirikawiri ndi chimene chimayamba kutopa. Capacitor youma imagwira ntchito moipa kwambiri ikazizira ndipo imachitako bwino ikafunda, n'chifukwa chake kompyuta inkayaka ulendo wachinayi. Kagetsi ka DRAM sikananame, kankangosonyeza pamene kudziyeza kunaimira, ndipo ine ndi amene ndinakawerenga ngati kakuloza wolakwa. Ndichenjeze pano kuti power supply si yotsegula munthu wosaphunzira ntchitoyo, chifukwa capacitor yake yaikulu imasunga mavoti oposa 300 ngakhale pulagi itazulidwa.

Mu Ogasiti 2024 ndinaika power supply yatsopano ya mawati 650 yokhala ndi chitsimikizo cha wogulitsa. Ili ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, koma anthu asamadalire kwambiri chizindikirochi, popeza chimayeza kusawononga magetsi chabe, osati kulimba kwa zipangizo za mkati. Ulendo uno ndinasintha chinthu chimodzi chokha n'kupitiriza kulemba m'kope. Patatha mwezi wathunthu popanda kukana ndinabwezera XMP, RAM inabwerera pa 3200, ndipo ili pomwepo mpaka lero.

Pa miyezi 11 imeneyi mtima unandidumpha kawiri. Mu Febuluwale 2025 ndinadina batani, mafani anazungulira bwinobwino, koma sikirini inali yakuda, ndipo ndinayamba kale kuwerengera mtengo wa motherboard ina ndisanayang'ane kumbuyo kwa bokosi. Mphwanga anali atasesa m'chipinda n'kubwezera waya wa HDMI pa motherboard m'malo mwa pa graphics card, ndipo Ryzen 5 5600 ilibe chigawo chake cha zithunzi, choncho pamenepo sipatuluka kanthu. Ulendo wachiwiri unali wa inverter yotsika mtengo, yosandutsa magetsi a batire kukhala onga a pakhoma, imene ndinabwereka kuti ndizigwira ntchito masana. Magetsi ake ndi a modified sine wave, osasalala ngati a pakhoma, ndipo power supply yatsopanoyi, imene ili ndi active PFC, chigawo chimene nthawi zina sichigwirizana ndi magetsi otere, inkalira ngati njuchi ndipo inazima kamodzi pa nthawi imene inverter inkasintha kuchoka ku magetsi a pakhoma kupita ku batire. Power supply ya ATX imayembekezeredwa kupirira kusowa kwa magetsi kwa mamilisekondi pafupifupi 16 okha. Ndinabweza inverter ija kwa mwini wake, ndipo kompyuta sinachitenso zimenezo. Nyengo ya mvula ndinkazula pulagi yonse kukayamba ziphaliwali, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi likachuluka, ndinkayeretsa masefa a bokosi milungu iwiri iliyonse.

Mayeso enieni anali Juni ndi Julayi wa 2025. Ndinabwereza dala zimene zinkaikanitsa mu 2024: kuisiya yopanda magetsi tsiku lonse, kudzuka m'bandakucha, kuyatsa soketi n'kudina batani nthawi yomweyo. Inayaka ulendo woyamba masiku onse, ndipo waya wa pepo unasonyeza mavoti 5.05 kuyambira sekondi yoyamba. Chimene chatsala ndi UPS ya pure sine wave, yokhala ndi batire ndipo yopereka magetsi osalala a pakhoma akazima, imene ndikusungira ndalama, chifukwa magetsi akazima vidiyo ili mkati mosungidwa ndimatayabe ntchito ya ola lathunthu.

Power supply yakale ija bambo aja anaiika ma capacitor atsopano ndipo ndimaisunga m'kabati kuti ndiziyesera makompyuta a anzanga, koma sindinaibwezere mu yanga. Batire ya CR2032 imene ndinachotsa mopupuluma ndinadzaiyeza pambuyo pake n'kupeza kuti ikadali ndi mavoti 3, ndipo pano ikugwira ntchito pa sikelo ya mayi a kunyumba yoyezera ufa wa makeke.